Masiku Asanu ndi Awiri ndi Kope la a Selestino

LOLEMBA

M'mawa.
Kope lafika. Mai Luwiza alibweretsa okha, lokulunga m'chitenje ngati khanda. "Lolemba likudzali mundibwezere, aphunzitsi. Lole silidikira munthu."

Nkhondo kwawo ku Mozambiki yatha ndipo malole ayamba kututa anthu. Mai Luwiza alembetsa. Mnzanga a Tomasi alembetsanso. Kope lipita nawo. Ndi la malemu amuna awo, ndingatsutse bwanji? Choncho ndili ndi sabata imodzi yokopera ndakatulo makumi anayi ndi imodzi za a Selestino. Mwayi sukulu ndi yotseka.

Ndilembe pano ndisanaiwale momwe zinalili. A Selestino anafika m'mudzi muno, kumtunda kwa Malindi, wapansi, zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Katundu wawo: mkazi, poto, kolona. Ali mnyamata anakhalako zaka ziwiri kwa ansembe ena a kumapiri amene amapemphera osalankhula. Anachokako ataona mai Luwiza, koma bata lija anachoka nalo. Loweruka lililonse ife atatu, iwo, a Tomasi ndi ine, tinkakhala kuseri kwa tchalitchi pansi pa mtengo wa mango. Theka la ola osatsegula pakamwa, kenako aliyense kuwerenga zimene walemba. Zawo zinali zazifupi. Zanga ayi. Malungo anawatenga dzinja lathali.

Dongosolo:
1. Osalankhula mpaka Lamulungu. M'bindikiro weniweni. Za munthu wachete zikopedwe ndi munthu wachete.
2. Ndakatulo khumi pa tsiku.
3. Lachisanu ku parishi: kutaipa, kupukusa timabuku makumi atatu.
4. Lamulungu kugawa tikatha mapemphero.
5. Mawu oyamba, achidule. Tsamba limodzi basi.
6. Osalowetsamo ndakatulo yanga. Ngakhale imodzi!

Ndawaonetsa amake Agnesi, akazi anga. Awerenga nambala wani kawiri. "Inuyo? Sabata yonse? Mulungu alipodi." Akusesa uku akuimba.

Masana.
Ndalemba pa katoni ndi choko: NDILI PA M'BINDIKIRO, PEPANI.

Woyamba kufika ndi Che Bwanali, msodzi wa nyumba yoyandikana nafe, ndi moni wawo wa Chiyao. "Ajimwiche uli, aticha?" Ndikuwaonetsa katoni. Ndaiwala kuti iwo amawerenga zilembo za Chiarabu zokha, za ku madarasa. Akuyang'ana katoni. Akuyang'ana ine. Ndikuloza pakamwa, ndikuloza kumwamba.

"Inalilahi!" Apita chothamanga, patapata mmodzi watsala pakhomo.

Madzulo.
Zilembo za a Selestino zili ngati nyerere zothawa madzi otentha. Pensulo yosasongola. Chichewa, mwina Chiyao, mwina Chipwitikizi, nthawi zina zonse mumzere umodzi.

Zakopedwa: zinayi.
Mawu otuluka pakamwa: palibe! Nsagwada zikuwawa.

LACHIWIRI

M'mawa.
Mudzi wonse wamva kuti aphunzitsi auma pakamwa. Ena akuti ndi magazi. Ena akuti andilodza makolo a mwana amene ndinamubwereza sitandade 8.

Obwera, ndi zimene abweretsa:
Che Bwanali: uchi wosakaniza ndi mizu yowawa ngati imfa. Andigwira chibwano, andimwetsa okha.
A katekisiti: madzi odalitsa. Awaza ine, awaza tebulo, awaza ndakatulo yachisanu.
Amayi asanu ndi atatu a m'mphakati mwathu: makolona, nthochi, nyimbo.

Katoni palibe akuiwerenga. Wina waikhalira.

Amake Agnesi akudziwa zoona zake, koma angoti nkhope ya chisoni, n'kumalandira nthochi. Ndikuwatuzulira maso. Akundinong'oneza: "Ntchito yofotokozera anthu siili pa dongosolo lanu."

Masana.
Kolona wathunthu m'chipinda chochezera, ine pakati pa mphasa. Kenako mapemphero apadera. Mai wina, amene mwana wake ndamuphunzitsa zaka zitatu, akweza mawu: "Ambuye, mwamulanga mtumiki wanuyu chifukwa cha kulongolola, taona. Tsopano m'khululukireni."

"Amalongolola ndani?"

Ndine ndayankha. Mokweza.

Nthungululu! Mai wina wagwa pansi. A katekisiti akulira. "Chozizwitsa! Chozizwitsa!"

Maola makumi awiri ndi asanu ndi anayi. Ndawawerenga.

Madzulo.
Pabwalo pali mtsutso. A katekisiti akuti ndi madzi. Che Bwanali akuti ndi uchi. Agwirizana kuti Mulungu ndi mmodzi, koma Che Bwanali akuti uchi unayamba kulowa.

Ndayesa kufotokoza za m'bindikiro. Ndafotokoza mphindi makumi anayi. Onse akuti ndachiradi.

Zakopedwa: imodzi, yonyowa.
Nambala wani yasinthidwa: kulankhula nkololedwa, koma za ndakatulo zokha.

LACHITATU

M'mawa.
Za Chipwitikizi zandikanika. Ndapita kwa a Tomasi. Ndawapeza akuzula chitseko cha nyumba yawo. Akuti apita nacho. "Nyumba kwathu anatentha, koma ndikafika ndi chitseko ndiye kuti ndayamba kale."

A Tomasi anali kalaliki wa sitima kwawo. Kuno amasoka nsapato. Ndakatulo zawo zonse ndi za Amayi Maria ndi za mtsinje wa kwawo, ndipo sadziwa kugonja.

Takhala pa chitsekocho, kope pakati. Zitatu zayenda bwino. Iwo akuwerenga, ine ndikulemba, onse tikupukuta m'maso mobisa.

Masana.
Ndakatulo yachisanu ndi chinayi. Mzere woyamba, monga ndikuuonera ine:

Mtima wanga ukudikira pamaso panu, Ambuye.

A Tomasi abweretsa kope pafupi ndi mphuno. "Ayi. Ukudikula."

Ukudikula! Ngati mtsikana wa chiwoda! Pamaso pa Ambuye!

Zifukwa zanga:
munthu wa bata amadikira;
ndaphunzitsa kalembedwe zaka makumi awiri, "r" ndimamudziwa;
ulemu.

Zifukwa za a Tomasi:
mfumu Davide anavina;
a Selestino pa ukwati wa mwana wa a katekisiti anavina mpaka lamba kuduka;
"Ine ndawadziwa tili anyamata. Inu mwawadziwa atatopa."

Mawu omalizawa andilasa. Ndayankha kuti ndakatulo zawo za mtsinje zonse ndi imodzi. Iwo akuti zanga munthu amayamba kumva ali ndi tsitsi, pomaliza ali ndi dazi.

Ndanyamula kope. Anyamula chitseko.

Madzulo.
Sitikulankhulana. Bata lija ndimalifuna lapezeka, koma si la mtundu umenewu.

Pofuna kudzitonthoza ndayamba mawu oyamba. Masamba asanu ndi limodzi. Akukamba za ndakatulo imene ndimaikonda kuposa zonse:

Ndasesa pabwalo, simunabwere.
Ndakung'untha thumba langa, lili pululu.
Ndamva kulira patali, ndaimirira.
Ndi mphepo.

Thumba ndi mzimu wa munthu. Bwalo ndi chikumbumtima. Ndafotokoza bwino kwambiri, ndadziwerengera kawiri.

Ndalowetsamonso ndakatulo yanga imodzi, pakati, yopanda dzina. Yaifupi, masamba awiri. Sikuphwanya nambala 6 kwenikweni. Ndi kuperekeza mnzanga.

Zakopedwa zonse pamodzi: zisanu ndi zitatu. Zimayenera kukhala makumi atatu.

LACHINAYI

M'mawa.
Ndatsegula kumapeto kwa kope. Manambala akudumpha: 30, kenako 33, kenako 37. Masamba anang'ambidwa! Zisanu ndi zitatu palibe!

Liwiro kwa mai Luwiza. Ndawapeza akupepeta nandolo wa pa ulendo. Sakudabwa n'komwe. "Ankang'amba okha. Munthu akabwera ndi vuto, alibe chomupatsa, ankam'patsa tsamba."

Kumene zinapita, monga akukumbukira:
ziwiri kwa namwino amene anawathandiza pobereka mwana womaliza;
imodzi kwa Che Bwanali, chaka chimene bwato lawo linamira ndi makoka onse;
zitatu kwa anthu amene anabwerera kale kwawo;
imodzi anayatsira moto tsiku la mvula;
imodzi a Tomasi anapichirira fodya.

Anasuta ndakatulo!

"Anawauza okha. Anati, 'Iyi yalakwika, Tomasi, isute.' A Tomasi anati inali yokoma."

Masana.
Poti ndafika kale, ndawawerengera mawu oyamba aja. Akumvetsera mwaulemu, lichero pamwendo. Ndafika pa thumba ndi mzimu. Lichero layamba kunjenjemera. Aika pansi. Akuseka mpaka kugwira nthiti.

"Aphunzitsi, pepani. Ilo ndi thumba la ufa. Chaka chija lole la chakudya cha othawa nkhondo linachedwa masabata atatu. Tsiku lililonse ankasesa, ankakung'untha thumba, akamva galimoto n'kuimirira."

Masamba asanu ndi limodzi.

Ndikupinda mapepala anga pang'onopang'ono. Iwo apukuta misozi, atolanso lichero.

"Lole litabwera ndinawauza kuti aifute, poti labwera. Anakana. Anati, 'Labwera ndi lole, Luwiza.' Sindinawafunse zambiri. Anali otero."

Sindikudziwa ngati ndapambana kapena ndagonja.

Ndawafunsanso za kudikira ndi kudikula. Sawerenga, ndipo imeneyo a Selestino sanawawerengerepo. Angoti, "Mukagwirizane ndi a Tomasi. Masiku atsala atatu, inu mukulimbirana chiuno cha munthu wakufa."

Madzulo.
Ndadutsa pa nyumba ya a Tomasi. Poti palibe chitseko, tayang'anana maso ndi maso. Ndakhosomola. Akhosomola. Ndadutsa.

Ndakopera mpaka dzanja kuchita dzanzi. Zonse pamodzi: khumi ndi zinayi, ndi inki yabwino ya buluu. Kabuku kakhala kochepa. Ndakatulo zosankhidwa. Zimamveka bwino ndithu, zosankhidwa.

LACHISANU

M'mawa.
Njinga, mapepala m'chikwama cha nsalu, ulendo wa ku boma. Fumbi. Dzuwa. Pa mlatho wa Shire tcheni chagwa kawiri.

Ku parishi:
mlembi wapita ku maliro ku Nkope, abwera Lachiwiri;
makina opukusa alipo, inki yake inatha pa Pasaka;
taipi ilipo, koma chilembo cha "a" sichimenya.

Ndayesabe mzere umodzi. Mtim wng. Mbuye. Chichewa chopanda "a" ndi chifuwa chokhachokha. Ndasiya.

Masana.
Bambo mfumu andiitanira tiyi. Ndi okalamba, ankawadziwa a Selestino. Apempha kuona mapepala. Mawu oyamba awayeza ndi dzanja ngati nsomba, awaika pambali. Ndakatulo akuwerenga imodziimodzi, milomo ikuyenda. Pa ya thumba ija avula magalasi, ayang'ana pazenera.

"Munthuyu ankapemphera," akutero. Basi.

Apitiriza. Afika pakati. Tsamba loyamba. Tsamba lachiwiri. Akwinya nkhope.

"Iyi ayenera kuti analemba malungo atawagwira kale. Mawu ambirimbiri, Mulungu alibe pokhala. Ichotseni, tisawachititse manyazi malemu."

Tiyi wandilowa m'mphuno.

Ndikanatha kukhala chete. Sabata yonse ndakhala ndikufuna kukhala chete. Koma ayi: "Bambo, imeneyo ndi yanga."

Andiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Kodi tili pa kulapa, kapena tikadali pa tiyi?"

Tamaliza tiyi, kenako kulapa. Ndanena zonse: nambala 6, mtsinje wa a Tomasi, kaduka kamene ndakhala nako zaka zisanu ndi ziwiri poona munthu wa mizere inayi akunena zimene ine ndimalephera m'masamba anayi. Chimenechi sindimadziwa kuti chili m'kati mpaka chitatuluka.

Chilango: kukapepesa a Tomasi. Ndapempha kuti andipatse makolona atatu m'malo mwake. Akana.

Chakumadzulo.
Tayala laphulika nditangowoloka mlatho. Matola. Njinga pamwamba, ine kumbuyo, chikwama pansi pa miyendo. Ogula nsomba anyamula madzi oundana m'matumba, akupita nawo ku doko. Dzuwa la Mangochi silinawafunse.

Ndatsika. Chikwama chikudontha buluu.

Zowerengeka: zisanu.
Zosanduka mtambo: zisanu ndi zinayi.
Mawu oyamba: sanakhudzidwe n'kadontho komwe.
Yanga ija: youma bwinobwino.
Fungo: utaka wa dzana.

Amake Agnesi ayanika mapepala pa chingwe. Amphaka atatu akhala pansi pake ngati akumvera ulaliki.

LOWERUKA

M'mawa.
Uthenga wafika ndi a katekisiti: lole silibweranso Lolemba. Libwera mawa. Mawa!

Ndapita kwa a Tomasi ndisanasambe. Ndakonza mawu opepesa, ndime zitatu. Ndangoyamba kuti, "Achimwene," iwo andidula. "Mtsinje ndi umodzidi. Ndilibe wina. Tiyeni, kope lili kuti?"

Ndime zitatu zapita pachabe.

Tatsegula fakitale pakhonde. Pensulo zokhazokha, inki ndathana nayo. Kope pakati, talimasula ulusi kuti aliyense agwire tsamba lake. A Tomasi za Chipwitikizi. Ine zozama. Amake Agnesi abwera ndi mpando wawo osaitanidwa. "Ndipatseni zotsalazo."

Sindimadziwa kuti amalemba mofulumira chonchi. Zaka makumi awiri ndi ziwiri m'banja!

Masana.
Amake Agnesi: khumi ndi imodzi.
A Tomasi: zitatu.
Ine: ziwiri.

Akuti vuto langa ndi loti mzere uliwonse ndimaima n'kuufotokoza. Sindikuima. Ndikungothandiza kuti amvetse zimene akulemba.

Yachisanu ndi chinayi ija yagwera kwa amake Agnesi. Ndasuzumira. Alemba "ukudikula", osafunsa munthu. "Ndi 'u' uyu, simukuona? Ndipo kudikira amadikira aliyense." A Tomasi akuyang'ana kudenga, masaya akugwedera. Ndalemba "kapena ukudikira" m'mphepete, timalemba tating'ono.

Ndafunsa a Tomasi za imene anasuta. Akukumbukira mzere umodzi wokha, wa nkhuku yogona pa guwa. Akuti inalakwikadi.

Chakumadzulo.
Dzuwa likupendeka. A Tomasi aika pensulo pansi. "Lero ndi Loweruka."

Ndikuti nthawi palibe, zatsala khumi ndi ziwiri. Iwo anyamuka kale.

Kuseri kwa tchalitchi, pansi pa mango. Miyala itatu ija ikadalipo. Takhala pa iwiri. Tisanayambe, Che Bwanali atulukira, atavala mkanjo. Amva kuti tikusaka masamba. Avula kofia, atulutsa kapepala kopindapinda m'kati mwake, kakuda ndi thukuta.

"Ichi sindipereka. Koperani pompano, ndikuona."

Sangathe kukawerenga, koma akanena pamtima, m'Chichewa chawo cha Chiyao, chala chili m'mwamba:

Mwanditengera bwato, mwandisiyira manja.
Mwanditengera khoka, mwandisiyira nyanja.
Ndikakwiya nanu mawa.
Lero ndatopa, ndigoneko pa mwendo panu.

"Anandiwerengera katatu, ndinasunga. Munthu uja anali wa tchalitchi, koma Mulungu ankamudziwa." Ndakopera. Abweza kapepala m'kofia. Ayang'ana mwala wachitatu, ayang'ana ife. A Tomasi awalozera. Akhala.

Theka la ola. Mbalame, mbuzi patali, mwana akulira kwinakwake. Sindinapemphere mawu alionse. Ndimangomva a Tomasi akupuma pambali panga, n'kumaganiza kuti Loweruka likudzali adzakhala akupumira kwina. Nthawi itakwana palibe amene amafuna kuyamba kudzuka.

Watidzutsa ndi Che Bwanali. "Aticha, nthawi ya swala. Komanso nyerere zandilowa."

Zonse pamodzi: makumi awiri ndi ziwiri. Amake Agnesi asokanso kope ndi ulusi wakuda.

LAMULUNGU

M'mawa.
Timabuku makumi atatu: palibe.
Kabuku kamodzi: palibe.
Chilipo: mapepala makumi awiri ndi awiri, zolemba za anthu atatu, asanu onunkha.

A katekisiti andipatsa mphindi zisanu tikatha mapemphero, ndiwerenge ziwiri. Abwereza kuti zisanu. Ndavala jekete.

Tili pa nyimbo yachiwiri, hutala panja. Lole! Theka la tchalitchi latuluka, akwaya atsala atatu, nyimbo yafera m'njira. A katekisiti adalitsa misana ya anthu.

Mphindi zisanu zanga zapita ndi lole.

Pabwalo: mitolo, mapoto, nkhuku zomanga miyendo, mbande za chinangwa. Wolemba maina akukuwa. Woyendetsa akukana chitseko cha a Tomasi. A Tomasi akuti ngati chitseko sichikwera, iwonso sakwera. Che Bwanali ndi asodzi anzawo angochinyamula n'kuchiponya pamwamba mkangano uli m'kati.

Ndapereka kope kwa mai Luwiza ndi manja awiri. Ndikuti pepani, zatsala khumi ndi ziwiri zosakopera, osawerengera zisanu zimene zili m'matumba a anthu. Ndikuti mwina mukadandisiyira mwezi umodzi, ndikanatumiza ndi munthu. Alikulunga m'chitenje, alimanga m'chiuno, mfundo ziwiri.

"Ana ake akufunika adzamve mawu a bambo awo. Musadandaule, aphunzitsi, tagawana bwino. Ife tatenga kope. Inu takusiyirani mwini wake, ali paja kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Mvula ikagwa pamamera udzu msanga. Muzipalira."

Ndavomera ndi mutu.

A Tomasi andikumbatira, fungo la fodya ndi guluu wa nsapato. Akuti adzalemba kalata akakapeza kumene kuli positi. Andiuza dzina la mudzi wawo kawiri, ndalilemba pa dzanja. Akwera, akhala pa chitseko chawo pamwamba pa katundu ngati bishopu. Lole lanyamuka. Fumbi. Amayi akuimba m'lolemo, ena akulira pansi pano. Ndakweza dzanja mpaka lole lakhota pa chitunda.

Masana.
Mudzi wachepa. Nyumba zisanu ndi imodzi zili pululu mbali yathu ino.

Mapepala ndawaika m'chitini cha mabisiketi, pamwamba pa kabati, kumene amphaka safika. Inki ya ku parishi akuti mwina ibwera pa Khirisimasi. Mwina.

Ndapita kukaona paja kuseri kwa bulugamu. Mtanda wapendekeka, chiswe chayamba m'munsi. Dzina analemba ndi penti yoyera, "S" woyamba wafufutika. Ndawauza a Selestino kuti anthu awo anyamuka bwino, chitseko chakwera, ndipo makumi awiri ndi ziwiri si zochepa kwa munthu wogwira ntchito ndi zilembo ngati zawo.

Za mawa:
kunola khasu;
thabwa la mlombwa, Che Bwanali akuti ali nalo lotsala pa bwato;
penti yoyera, kabulashi kakang'ono;
kumata tayala.